Chakudya cha Mwana Mmodzi

"Ndikukufunsa komaliza, ndalama zimene ndimapereka mwezi ndi mwezi zimalowera kuti?"

Anali Amakaniko amenewo, ataima pakhomo pa neba wanga, m'manja atagwira nsapato ya mwana wawo. Nsapatoyo inali itayasama kutsogolo ngati nayonso ili ndi mawu. Ine ndinali pakhonde ndi makina anga osokera, ndipo tisanamizane, ndinasiya kupalasa. Nyumba zathu zalendizi n'zamdadada, khoma limodzi mabanja awiri, moti mnzako akayetsemula iwe ndi amene umapukuta mphuno.

"Tsitsani mawu, bambo a mwana, anthu akumva," anatero neba wanga, thovu lili m'manja. Ntchito yake ndi yochapa zovala za eni.

"Amve! Taona nsapato iyi. Mwana wa munthu wogwira ntchito azipita kusukulu zala zikusuzumira panja? Kugalaja anzanga akundiseka."

"Nsapatoyo ndinaiona kale. Ndimati mwezi uno ukatha ndigule."

"Mwezi watha unanenanso zomwezo."

"Mwezi watha eni nyumba anakweza lendi. Makala anakwera. Nanga sopo, nanga madzi, nanga zakusukulu zimene amaitanitsa tsiku ndi tsiku? Mwanayo akagona m'nyumba, akasamba, akadya, mukuyesa zimagwa kumwamba? Chimene mwana wadya dzulo sindingakuonetseni lero."

Mtsikana amene ankamukanganirayo anali ataima pambali pa mgolo wa madzi, phazi limodzi lopanda nsapato. Pamdadada pano timamutchula kuti Ahedi, chifukwa akangoweruka kusukulu amandandalika tiana tonse pansi n'kumatiphunzitsa, kamtengo kali m'manja. Amakaniko ndi neba wanga anasiyana Ahedi akadali wamng'ono, koma bamboyo sanasiye kubwera ndi ndalama ya mwana.

Nthawi yomweyo m'nyumba munatuluka Kashuga, mng'ono wake wa Ahedi, kamwana kongoyamba kumene kulongolola. Kanali katagwira chidutswa cha buledi, masaya ali mbuu. Amakaniko anakayang'ana, kenako anakaloza ndi nsapato ija.

"Nanga uyu amadya za ndani?"

Neba wanga anapukuta manja pansalu yake pang'onopang'ono.

"Mphika ndi umodzi m'nyumba muno. Mukufuna ndiziphika pawiri? Kapena wina azidya wina akumeza mate?"

"Ine sindinabereke ana awiri. Bambo wake ali kuti? Iye akunenepa kumene aliko, ine ndizigona pansi pa magalimoto, oyilo akundidonthera m'maso, kulerera mwamuna mnzanga? Achemwali anga anandiuza kalekale, ine n'kumakana. Kodi ndine chitsiru cha ndani?"

Pakamwa panga sipachedwa kuyabwa. "Bambo," ndinatero, "mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Atelala, sokani zovala zanu. Mumalize kuti ukachenjera manja udya naye, eti? Manja anga ndi awa, taonani mmene athethekera. Koma akudya ndi ena." Anatembenukira kwa neba wanga. "Kuyambira lero ndalama m'manja mwako sindiikanso. Nsapato ndigula ndekha, yunifolomu ndigula ndekha. Akaweruka kusukulu azibwera kugalaja, azidya komweko ine ndikuona."

"Nanga lendi?"

"Lendi ukafunse amene anakupatsa uyu."

Anaponya nsapato ija pansi n'kumapita. Ahedi anaitola, n'kuivala.

Ndinene pano kuti Amakaniko si munthu woipa. Ndaona amuna ambiri ine pamakinapa, ena obwera kudzasoketsa masuti aukwati wachitatu ana a ukwati woyamba akuyenda matako pamtunda. Uyu sanaphonyepo mwezi, ngakhale kunyumba kwake kuli mkazi wina ndi khanda. Amene amandiwawitsa mtima ndi bambo wa Kashuga, wogulitsa mafoni uja wonunkhira ngati sopo watsopano, amene anangoona mimba yayamba kuoneka n'kusowa ngati mame. Iyeyo palibe amamukalipira, palibe amamufunsa za nsapato. Timakangana ndi amene watsala.

Mawa lake Ahedi anabwera ndi nsapato zakuda zonyezimira, chikwama chatsopano ndi masokosi oyera. Ana onse apamdadada anamuzungulira. Neba wanga anaziyamikira nsapatozo, n'kupita kukafunafuna makomo ena ochapako. Ankachoka dzuwa lisanatuluke bwino, n'kubwera madzulo zala zitatuwa ndi sopo, zina zitang'ambika m'mphindi. Koma ndalama yochapira zovala ndi ya tsiku lomwelo, ikafika m'manja yafika kale pamoto.

Patapita masiku, Ahedi anafika pakhonde panga atakumbatira chikwama chake.

"Atelala, mungandisokere thumba m'katimu?"

"Chikwama chatsopano ichi? Matumba onsewa sakukwanira?"

"Ndikufuna lina lapansi, losaoneka. Muikemo pulasitiki."

Ndinachitembenuza chikwamacho. Pansi pake panali ponona, timpunga titamatirira m'makona, ndipo kope limodzi linali litalowa mafuta mpaka masamba kuonekera. Ndinamuyang'ana mwanayo. Iye anayang'ana mapazi ake.

"Kugalaja amakupatsa chiyani?"

"Mpunga ndi nyemba. Masiku ena nyama."

"Ndiye iwe umadya chiyani?"

"Nyemba ndimadya."

Munthu wamkulu wanzeru akanamulangiza kuti asabise zinthu kwa bambo ake. Ine ndinatenga pepala lapulasitiki lolimba lija ndimakutira nalo nsalu za makasitomala, n'kumusokera thumba lokhala ndi zipi yake, labwino kuposa matumba ambiri amene anthu amandilipira. Kuyambira tsiku limenelo, ikakwana nthawi yoti Ahedi azifika, Kashuga ankakakhala pamwala wa kumapeto kwa mdadada. Awiriwo ankazembera kuseri kwa bafa, ndipo pobwera uko wamng'onoyo milomo inkakhala ili noninoni.

Zobisa sizikhalitsa. Tsiku lina masana ndinapita kugalaja kukapereka maovolosi amene ndinawaika zigamba. Galaja yake ndi bwalo chabe la malata, pansi pakuda bii ndi oyilo, matayala akutha ataunjikidwa pakona, injini ina itapachikidwa patcheni. Ahedi ndinamupeza atakhala pampando wozulidwa m'galimoto, mbale ili pamiyendo. Pambali pake panaima mayi wogulitsa zakudya, nkhope ili yamanyazi, ndipo Amakaniko anali atagwira chikwama chija, zipi yanga itatsegulidwa.

"Mayiwa akuti tsiku lililonse la nyama, nyamayo imasowa m'mbale usanayambe n'kudya komwe. Ichi n'chiyani?"

Ahedi anaweramitsa mutu.

"Wakusokera thumba ili ndani?"

"Ndine," ndinatero, "ndipo sindinamulipiritse."

Anandiyang'ana ndi diso loopsa. Anakhuthulira nyama ija m'mbale, n'kunjuta patsogolo pa mwana wake. Mawu anawatsitsa, ndipo ndinamva kuti munthuyu akumva kuwawa zenizeni.

"Mayi wanga, tamvera. Ine ndimadzuka m'mamawa chifukwa cha iwe. Ndikufuna ukule, unenepe, ukhoze kusukulu. Idya pano ndikuona."

"Ababa, chakudyachi mumagulira ndani?"

"Iweyo. N'chako."

"Ndi ndalama zimene munkapatsa amayi zija?"

"Zinali zakonso. N'chifukwa chake ndinakwiya."

"Ngati n'changa, ndiye kuti ndikumupatsa ndine. Sakuba ayi."

Anyamata amene ankamasula tayala anasiya. Wina anatsokomola, wina anaseka pang'ono n'kubisa nkhope kuseri kwa boneti. Kuseka kumeneko ndi kumene kunaononga zinthu. Amakaniko anaimirira, mitsempha ya pakhosi itatuluka.

"Mawu amenewa si ako. Amayi ako ndi amene akukutuma."

"Sananditume. Sakudziwa n'komwe."

"Idya!"

Ahedi anaika mbale ija pansi bwinobwino, osataya ngakhale kambewu kamodzi, n'kupinda manja. Sanalire, sanachite mwano. Anangokhala. Ntchentche zinayamba kutera pampunga.

Ndinawakokera pambali Amakaniko. "Bambo, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mukufuna kulanga mayiyo ndi mwamuna wothawa uja, koma mwala wanu ukugwera pamwana wanu yemwe."

"Atelala, inu mulibe mwana kwa mkazi amene munasiyana naye. Simukudziwa mmene zimawawira. Ndimapereka, koma ndikafunsa ndimaoneka woipa. Ndikapanda kufunsa ndine chitsiru. Ndipange bwanji?"

Ndinalandira ndalama ya zigamba n'kubwerera.

Sabata yonse yotsatira Ahedi ankapitabe kugalaja monga anamulamulira, n'kukhala pampando uja, mbale n'kuzizira. Akafika kunyumba ankamwa tiyi wopanda shuga pamodzi ndi mng'ono wake. Nsapato zinali zonyezimirabe, koma yunifolomu inayamba kumukhwepa m'chiuno, moti ndinaibweza pang'ono popanda kuuza munthu. Kenako uthenga unabwera ndi azakhali ake a mwanayo, achemwali a Amakaniko aja. Sanakhale n'komwe pansi.

"Achimwene akuti mwamupandutsa mwana. Akuti mumulongedzere zovala, adzamutenga azikakhala kwawo."

"Mwana wanga sachoka pano," anatero neba wanga.

"Tiona. Walira mvula walira matope."

Mwezi utatha, eni nyumba anafika ndi mwamuna wina wonyamula sikuludiraiva. Eni nyumba athu sakalipa. Amapereka moni, kufunsa za ana, kenako n'kuzula chitseko. Neba wanga anawagwadira, anawalonjeza theka, koma iwo anati mawu salipira msonkho wa nyumba. Chitseko chinanyamulidwa anthu onse akuona, n'kukatsamiritsidwa kuseri kwa nyumba yawo yaikulu. Pakhomo panatsala mahinjesi okha.

Neba wanga anapachikapo bedishiti. Mphepo ikawomba, aliyense wodutsa ankaona zonse za m'nyumbamo: matiresi amodzi pansi, ndowa ziwiri, mbaula, katoni ya zovala. Pogona ankatchinga ndi tebulo ndi mgolo, iye n'kugona chopingasa pakhomopo. Tsiku lina m'mawa anapeza galu atalowa n'kugubuduza mphika. Tsiku linanso woledzera wina anasuzumira, akuti wasokonekera nyumba.

M'mawa wotsatira anabwera kudzakhala pansi pafupi ndi makina anga. Maso anali ofiira.

"Atelala, ndimupereka."

"Mwapenga? Pitani kukhoti, akamuuze kuti ndalama ya mwana siimitsidwa chifukwa cha mkwiyo."

"Kukhoti n'kwa tsiku limodzi? Masiku amene ndizikakhala pabenchi kumeneko, azichapa ndani? Ndipo akakandifunsa ngati Kashuga anadyako ndalamazo, ndikanama? Anadyako. Mwezi uja anadwala chifuwa, ndalama ya nsapato ndi imene ndinagulira mankhwala. Sindikukana. Bambo ake a Ahedi sakunama ayi."

"Ndiye mwalakwa chiyani? Mukanamusiya afe?"

"Sindikudziwa ngati ndinalakwa. Ndikungodziwa kuti mtsikana akukula uyu, sangamagone m'nyumba yoti woledzera aliyense akhoza kulowa. Kwa bambo ake kuli chitseko." Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu. "Chimene chikundiopsa ndi wamng'onoyu. Chibadwire sanagonepo osagwira khutu la mkulu wake."

Ndinamumvera chisoni mayi ameneyu mpaka ndinalephera kulowetsa ulusi pasingano. Ndinafunanso kutukwana, koma woti ndimutukwane anali kutali, kumene sitikudziwa.

Amakaniko anabwera Loweruka m'mawa pakagalimoto ka kasitomala, atavala malaya oyera. Anatsika mwamphamvu ngati munthu wokonzekera nkhondo. Atafika pakhomo anaima. Anayang'ana bedishiti ija, anayang'ana mahinjesi, n'kukhudza imodzi ndi chala.

"Chitseko chili kuti?"

"Kwa eni ake," anatero neba wanga.

"Chiyambire liti?"

"Chithere mwezi."

"Mwana wanga wakhala akugona chonchi? Osandiuza bwanji?"

"Munati lendi ndikafunse kwina. Ndinafunsa, sanandiyankhe." Anatulutsa chikwama cha sukulu ndi jumbo ya zovala. "Nazi. Yunifolomu ndachapa, ndasita. Akamatsokomola musamamupatse madzi ozizira. Mayi akunyumbako muwauze kuti ndi mwana womvera, sadzawavuta."

Amakaniko anabwera atakonzekera kulimbana, ndiye kupatsidwa mwana mosavuta choncho kunawasowetsa chochita. Analandira katunduyo ngati akuotcha.

Ahedi anatuluka atavala nsapato zake zakuda. Nkhope inali gwa. Anayamba kupereka malangizo monga amachitira ndi tiana take tapabwalo.

"Amayi, mukamapita kochapa muzimusiya kwa Atelala, osati kwa ana aja, amamumenya. Atelala, akalira muzimupatsa tizidutswa tansalu, amakonda tofiira."

"Ndamva, Ahedi," ndinatero.

Tonse tinali titaiwala za Kashuga. Tinangoona bedishiti ikugwedezeka, kamwanako n'kutuluka kakukoka jumbo yakeyake. Kanali kataikamo kadiresi kamodzi ndi kapu yapulasitiki, ndipo masilipasi kanavala mosemphanitsa. Kanadutsa mayi ake, kanadutsa mkulu wake, n'kukaima pamapazi a Amakaniko, manja m'mwamba.

"Ababa, nanenso."

Bambo uja anauma. Anayang'ana neba wanga, neba wanga anayang'ana kumbali.

Amene anayankha ndi Ahedi. Anamugwira mng'ono wake paphewa, n'kumutsitsa manja aja.

"Si ababa ako awa, Kashuga. Ndi anga ndekha. Bwerera m'nyumba."

Kashuga anamuyang'ana mkulu wake, kenako anayang'ana bamboyo kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Nanga anga ali kuti?"

Mayi wina amene ankatsuka mbale pampopi anasiya madzi akutayika. Ine ndinaluma mlomo, misozi ikutsikira pansalu ya kasitomala. Kamwanako kankangodikira.

Amakaniko anaika chikwama pansi, jumbo pamwamba pake. Anatembenuka n'kulunjika kunyumba yaikulu ya eni nyumba. Tinamva akugogoda, tinamva mawu akukwera, kenako akutsika. Neba wanga anangoima pomwepo atagwira ana ake, wina dzanja ili wina dzanja ilo.

Patapita nthawi tinaona chitseko chikubwera chokha pakona, miyendo iwiri ili pansi pake. Anachibereka kumsana, malaya oyera aja atadetsedwa ndi fumbi. Anachitsitsa pakhomo akupuma mwamphamvu, anakatenga sikuludiraiva m'galimoto, n'kukoka bedishiti ija kuiponyera pamatiresi.

"Usaganize kuti nkhani yatha," anatero osamuyang'ana neba wanga. "Nsapato ndizigulabe ndekha. Ndipo mwamuna wako uja ndimufunafuna mpaka ndimupeze, ngakhale akabisale kudzenje."

"Mukamupeza mundiitane, ndili naye mawu."

"Tanyamula uko."

Neba wanga anagwira chitseko, koma sanachikweze. Anamuyang'ana bamboyo m'maso.

"Ndikuuzirenitu, bambo a mwana, kuti mawa musadzati ndinakupusitsani. Chitseko ichi chikatsekedwa, m'katimu mugona ana awiri. Ndikaphika, adya onse."

Amakaniko anali ndi sikuluu pakamwa. Anaichotsa, anailowetsa pahinjesi yapamwamba, n'kuyamba kupotokola.

"Ndamva," anatero. "Kweza pang'ono, chikupendekeka."